Muulutsi Amene Anati "Ndamva"

Panali munthu wina mumzinda wa Lilongwe amene ankadyera khutu lake. Anali muulutsi pa wailesi ina, ndipo Loweruka lililonse masana ankauza dziko zimbale zatsopano zoyenera kumvera. Mtima wake unali pa nyimbo za magitala olira mwaukali, ng'oma yothamanga, ndi mawu atatu kapena anayi ogwirizana pa kolasi yotsekemera, yoti ukaimva kamodzi umakaiimba mpaka kubafa. Iye akati chimbale chakuti n'chabwino, pofika Lolemba chinkalira m'minibasi iliyonse. Akachinyoza, oimba ake ankabwerera kukalima fodya.

Koma munthuyu anali ndi kachitidwe kake, ndipo ankakanyadira. Nyimbo sankaimvera yonse. Ankati iye amangolawa, ngati mayi wolawa mchere m'ndiwo. Gitala ikangoyamba, iye n'kulumphira pa kolasi, n'kugwedeza mutu kawiri, basi wagamula. Mavesi ankati ndi thumba chabe lonyamuliramo nyimbo. Nyimbo ikamalira pa wailesi ankavula mahedifoni n'kumatafuna mtedza. Ndiye poti oimba ankamutopetsa ndi mafoni opempha kuti awaulutse, anatseka manambala awo onse mosasankha. Anatsekera kumodzi ndi nambala ya Fatsani, mphwake weniweni, mwana wa mlongo wake Nachisale, amene ankaimba gitala kumudzi kwawo ku Ntchisi. Kumudziko anali asanapondeko kwa zaka zisanu, ndipo zifukwa sizinkamusowa.

Tsiku lina pa tebulo lake panafika chimbale cha gulu la Fatsani, chobwera pa basi mu envulopu yakhaki. Anachilawa monga mwa masiku onse, ndipo chinamukomera zedi. Magitala ankachita kuthetheka. Nyimbo yachitatu inali ndi kolasi ya mawu awiri okha: "Bwerani msanga, bwerani msanga." Iye anangoti ameneyu ndi mnyamata woitanira chibwenzi chake kudansi.

Loweruka limenelo anachiika pamwamba pa zimbale zisanu za mwezi, ndipo analankhula modzitama. "Chimbale ichi ndachimva kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Ndaseka, ndavina. Mphwanga, ndamva. Pitiriza kutisangalatsa." Anaseka chikhakhali pa maikolofoni n'kuika nyimbo yachitatu ija, kenako n'kuvula mahedifoni. Loweruka lachiwiri anatero, lachitatunso chimodzimodzi, mawu omwewo, kuseka komweko.

Loweruka lachinayi anatsegula mafoni kuti omvera anenepo maganizo awo. Woyamba kuimba anali mayi wina wa ku Ntchisi, ndipo sanapereke moni. Anafunsa ngati akulankhula ndi alongo ake a Nachisale. Muulutsi anavomera mokondwa, poganiza kuti kukubwera matamando.

"Ndiye mtima wanu ndi wotani, bambo?" anatero mayiyo. "Mwana wakutumizirani uthenga, inu n'kumauvina?"

Iye anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene sakudziwa pogwira, nati tiyeni tiimvere limodzi. Anaika nyimbo ija. Kwa nthawi yoyamba mahedifoni anakhalabe m'makutu. Magitala analira mokoma monga kale, ndipo pakati pa chimwemwe chonsecho mawu a Fatsani anamveka bwinobwino, osabisika ngakhale pang'ono:

"Malume a pa wailesi, foni yanu yatikana. Mlongo wanu Nachisale wagona pamphasa miyezi inayi. Akuti ali ndi mawu oti akuuzeni lilime lisanaume. Bwerani msanga, bwerani msanga."

Munthu uja anauma thupi lonse. Mtedza unamwazika pansi. Nyimbo inatha, wailesi n'kungoti zii, dziko lonse likumvetsera. Anzake a ntchito ankamukodola kuseri kwa galasi kuti alankhule. Anachita mantha, ndiponso manyazi oti sanawamvepo chibadwire. Anaimirira, nasiya pologalamu ili pakati, nalowa m'galimoto.

Anafika kumudzi dzuwa likadalipo. Mlongo wake anamupeza ali moyo, atagona pamphasa, kawailesi kakang'ono kali chakumutu. Koma pakamwa panali patapotoka. Lachiwiri la sabata yomweyo matenda anali atamupha ziwalo mbali imodzi, ndipo kulankhula kunathera pomwepo.

Fatsani anafotokoza zonse ali chiimire, osakweza mawu. Anati anaimba foni mpaka kutopa, anatuma anthu koma anabwezedwa pageti, ndiye anaganiza kuti khomo limodzi lotsala lolowera kwa malume ake ndi chimbale. Loweruka loyamba lija mayi ake atamva mawu oti "ndamva" analira ndi chimwemwe, nauza anthu asese chipinda ndi kumanga tambala mwendo kudikira mlendo. Loweruka lachiwiri anamvanso kuseka komwe kuja. Loweruka lachitatu anapempha kuti wailesi aizimitse, nati, "Wamva, koma waseka." Mawu amene ankasungira mlongo wawo sanauze munthu aliyense, ngakhale mwana wawo yemwe. Ankati ndi a iye yekha.

Muulutsi anagwada pafupi ndi mphasa. "Alongo, sindinamve," anatero. "Ndinanama pamaso pa dziko lonse. Sindinamve."

Nachisale anamuyang'ana nthawi yaitali. Milomo inayamba kugwedera, khosi likulimbana. Munthu uja anawerama mpaka tsaya lake kukhudza la mlongo wake, nadikira, nadikirabe. M'kamwamo munatuluka mpweya wokha.

Tsono inu amene mwakhala pano, musathamangire kumunyoza munthu ameneyu, chifukwa ambirife timalawa anthu momwemo. Mwana akayamba kulankhula timadziwiratu kumene akupita. Mkazi kapena mwamuna wathu akanena chinthu akumwetulira, timatola kumwetulirako, mawuwo n'kuwasiya. Kenako timati "ndamva" kuti atisiye. Dziwani kuti wolandira mawu amenewo amakasesa chipinda. Ngati simunamve, nenani kuti simunamve, abwereze. Ndipo ngati alipo wina kwanu amene wakhala akukuitanani, pitani lero, lilime lake likadali kuyenda.