Mphesa za Kumunsi kwa Phiri

Ruxandra Dobrotă anali mayi wanzeru zakuthwa, koma akagwira mfundo sankaitaya. Ku yunivesite mumzinda wa Iași ankafufuza zinthu ziwiri: timakina toyeza chinyezi m'minda, ndi njira yotsekera zithunzi kuti wakuba akazigwira panjira azingoona timadontho topanda mutu. Poyesera zonsezi anasankha munda wa mphesa wa bambo ake, a Costache, woyambira pamwamba pa phiri kukafika kukhwawa. Mkuluyo mawondo anali atamutha, ndipo anali atanena kale kuti chaka chimenecho n'chomaliza kufinya vinyo ndi manja ake.

Timakinato ndi makamera Ruxandra anaziika m'mizere yakumtunda, poti n'kumene netiweki inkagwira bwino. Kenako anaika lamulo: mankhwala a chuku asapoperedwe mpaka makina atanena.

"Mawondo anuwo apume, bambo. Munda uzindiuza wokha pafoni."

"Ndiye udzamwenso vinyo wa pafoni pomwepo," anatero a Costache. Komabe anamvera, chifukwa mwanayo ankamunyadira kwambiri.

Mu Juni mvula inagwa sabata yathunthu, mkuluyo n'kuimba foni.

"Mwanangu, chifunga chikugona kumunsiku mpaka masana. Gavrilă wa munda woyandikana nafeyu wapopera kale kawiri. Ine ndizingoyang'ana?"

"Mukapopera mwandiphera kafukufuku wa chaka chonse, bambo. Manambala akuti zonse zili bwino."

"Nanga zithunzi zakozo, ndingaoneko?"

"Kiyi wake ndi wanga ndekha mpaka nditalemba zotsatira."

"Ha! Mphesa zanga zomwe zayamba kundibisalira? Bwera udzaponde dothili wekha, n'maola awiri okha pabasi."

Ruxandra anati alibe nthawi. Anafika kumapeto kwa Julaye, kompyuta ili m'khwapa. Kumtunda masamba anali obiriwira, mtima wake n'kukhala pansi. Koma potsetsereka, zinthu zinayamba kusintha mzere ndi mzere. Masamba anali atapserera ngati awauka ndi moto, kunsi kwake kuli mbuu ndi chuku, ndipo mphesa zinali zitafota zisanakhwime. Kuposa theka la munda linali litapita.

Anakhala pansi pomwepo n'kutsekula zithunzi zake. Zinatuluka zosalala, popanda kadontho kosokonekera. Njira yake yobisira inali itagwira bwino lomwe, ndipo chithunzi chilichonse chinkaonetsa masamba okongola akumtunda. Chifukwa cha manyazi ndi chisoni, analira ngati kamwana.

A Costache anatsika pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Sanamukalipire, ndipo chimenecho n'chimene chinamupweteka koposa.

"Makina akowa sananame ayi," anatero, akufikisa tsamba louma m'manja. "Anena zimene anaona pamene unawaimika. Kunoko kunkafunika mapazi."

Migolo yambiri ya a Costache inakhala yopanda kanthu chaka chimenecho, ndipo sanadzafinyenso vinyo. Akuluakulu anaona patali ponena kuti kandimverere anakanena za m'maluwa.