Timaphukusi ta Nyongolotsi

Padangokhala, kale nyama zisanadziwe zokhala m'kati mwazo, m'mimba mwa Mbawala munali mudzi. Eni mudziwo anali alonda, tianthu toyera tochepa kuposa diso la utitiri. Ntchito yawo inali imodzi, kupirikitsa chachilendo chilichonse cholowa m'thupi.

Woomba ng'oma wawo anali Chalera. M'mawa uliwonse ankawamba ng'oma pamoto kuti chikopa chikungike. Mlendo akangolowa, iye ankaiomba, alonda n'kutuluka ndi zibonga, thupi la Mbawala n'kutentha, mimba n'kubwadamuka, mlendoyo n'kutulutsidwa. Koma Chalera ankaomberanso zinthu zopanda pake. Fumbi likalowa, ng'oma. Mungu wa maluwa ukalowa, ng'oma. Mbawala ankangokhalira kuyetsemula ndi kudzikanda pamitengo, ndipo m'manja mwa Chalera munali matuza okhaokha.

Tsiku lina Mbawala anamwa madzi a pachithaphwi, Nyongolotsi n'kulowa nawo. Sanabwere ndi mkondo. Anakadzipinda pangodya ya matumbo, n'kutumiza kaphukusi komanga bwino, kopepuka ngati thovu. Kanayandama mpaka pakhomo pa Chalera.

Chalera anakalandira ndi manja awiri, monga mwambo unenera. Atakamasula munatuluka kafungo kozizira ndi mawu aulemu:

"Mlendo ndi mame, achimwene. Pumulani, mawa ndipita."

Mapewa ake anafewa. Matuza analeka kuwawa. Tsono kumudziko kunali lamulo lakale loti dzanja lolandira mphatso siliombera ng'oma mwini mphatsoyo tsiku lomwelo. Chalera anati aomba mawa.

Kutacha, asanakoleze n'komwe moto, kaphukusi kena kanali kale pakhomo.

"Mlendo ndi mame, achimwene. Pumulani, mawa ndipita."

Analandira. Mawa lakenso analandira. Ng'oma anaikoloweka pakhoma, poti kuwamba ng'oma imene suiomba n'kutha nkhuni pachabe.

Mkazi wake Nangondo anamufunsa tsiku lina akusesa pabwalo. "Kodi bambo, mame a kwanu amagonera mwezi?"

Chalera anayankha kuti mlendoyo sanalakwire munthu. Anati aone yekha mmene Mbawala walekera kuyetsemula, mmene khungu lake lasalalira. Zimenezo zinali zoona, ndipo Nangondo sanatsutse. Anangomupempha kuti mawa asalandire. Chalera anati kubweza mphatso n'kutukwana, ndipo iye sanaleredwe choncho. Nangondo anapitiriza kusesa.

Nyongolotsi ananenepa. Anaikira mazira, mazirawo n'kutuluka ndi ndowe, ana ake n'kubwereranso ndi msipu umene Mbawala ankadya. Mwana aliyense ankadziwa kumanga timaphukusi. Tinkayandama khomo ndi khomo, alonda n'kumalandira ndi manja awiri, n'kumagona dzuwa lili paliwombo. Zibonga zinafumbwa. Chakudya chikatsika, a Nyongolotsi ankayamba ndiwo kudya, Mbawala n'kutola zotsala. Nthiti zake zinayamba kuonekera. Chalera ankamva mtima wa Mbawala ukugunda pang'onopang'ono pamwamba pa mudzi, koma ankati ndi mtendere umenewo.

Kenako Mbawala anabayidwa ndi chitsa pamwendo. Chinali chilonda chaching'ono, cha mtundu umene kale alonda ankathana nawo dzuwa lisanalowe. Tizilombo tinalowera pomwepo. Sitinagogode, sitinatumize kanthu. Tinangodzaza m'mitsinje ya magazi, tikudya chilichonse.

M'mawa umenewo pakhomo pa Chalera panalibe kaphukusi. Panali Nyongolotsi mwini wake, chimanjamanja.

"Ombani ng'oma, achimwene. Nyumba yathu ikugwa."

Chalera anatsitsa ng'oma. Chikopa chinali chitalefuka, nkhungu itamera m'mbali. Anaomba. Inangoti bwe, ngati munthu wamenya mtolo wa udzu wonyowa. Nangondo anabweretsa makala amene ankasunga pansi pa phulusa masiku onsewa. Ng'omayo anaiwamba onse awiri. Chikopa chinayamba kukungika, chinakungika ndithu, kenako chinang'ambika pakati.

Chalera anathamanga khomo ndi khomo akuitana ndi pakamwa. Alonda ena anatsegula maso, n'kumuuza kuti mlendo ndi mame, n'kutembenukira kukhoma.

Atabwerera anapeza Nyongolotsi ali pomwe anamusiya. Anakhala pansi pambali pake, ng'oma yong'ambika ili pamiyendo.

"Munkati mawa mupita," anatero Chalera.

"Ndikanapita kuti? Kunja kuli dzuwa. Ine ndimangofuna pokhala."

Chalera anamvetsera kumwamba. Mtima uja unagunda, unadikira, unagundanso.

Mbawala anakagona pansi pa mtengo wa msuku, pamthunzi. Sanayetsemule, sanadzikande. Anthu opita kukatola masuku anamupeza pomwepo, nadabwa kuti nyama yaikulu chotero yafa ndi kabala kosakwana chala.

Nthano yagona apa, ana inu: mphatso imene ikutontholetsa ng'oma yako, uibweze usanaimasule.