Nangondo ndi Kakatoni ka Telala

Kumapiri kwinakwake, kumene chisanu chimalowa mpaka m'mafupa, kunali mayi wina dzina lake Nangondo. Mayi ake atamwalira, abale anagawana zovala za malemu monga mwa mwambo. Zatsopano zinatha msanga. Zinatsala zitenje zakale zofwifwa, ndipo Nangondo anazitola zonse.

Bambo ake okalamba anali atayamba kudandaula kuti bulangete la kusitolo silikuwafunditsa. Nangondo anamva chisoni, pakuti anadziwa kuti vuto silinali bulangete. Anaganiza zodula zitenje zija n'kusoka chofunda cha zigamba, kuti nyengo yozizira ikadzafika, nkhalambayo idzafunde nsalu za mkazi wake.

Anapita kwa telala wa pakhonde la golosale kukafunsa nzeru. Telalayo anayeza zitenjezo, nawerengera, namudulira kakatoni ka ngodya zinayi zofanana. Anati nsaluzo zikwanira ndendende, koma zotaya palibe.

"Chigamba chilichonse muzidulira pa kakatoni aka, mayi," anatero. "Osati pa chigamba chinzake."

Masana ake Nangondo anayala mkeka pansi pa mtengo wa mapichesi, nayamba kudula. Kamphepo kankawomba pang'onopang'ono. Chitenje chilichonse chimene ankatambasula chinkamutengera kutali. Chobiriwira ndi chimene mayi ake ankamuberekera popita kuchigayo, ndipo anamvanso fungo la gaga ndi thukuta la pamsana pawo. Chachikasu chinali cha kumaukwati, ndipo m'makutu mwake munalira nthungululu za anthu amene anapita kale. Manja ankadula, mwini wake ali kwina.

Kakatoni kaja kanalowa pansi pa mulu wa nsalu. Kudzuka n'kukafufuza kunamukulira, paja munthu akamalota safuna womugwedeza. Anatenga chigamba chimene anali atangodula, nachiika pa nsalu, nadula mozungulira. Chotsatira anadulira pa chatsopanocho, n'kumapita choncho. Chilichonse chinkaposa chinzake ndi kaulusi kamodzi kokha, koti diso silingakaone. Akayerekeza ziwiri zoyandikana, ankangoti ndi mapasa.

Chitenje chomaliza chinali cha mbalame zouluka, chimene mayi ake anavala tsiku lolowa m'banja. Nangondo anakondwa kuona kuti mbalame iliyonse ikukwana yathunthu m'chigamba chake, mapiko ali tambalale. Sanadzifunse kuti zigambazo zakula liti.

Ataziyala pamkeka kuti azilumikize, ngodya zinakana kukumana. Choyamba ndi chomaliza zinali ngati mwana ndi mayi wake. Anakoka uku, kwina kunakwinyika. Mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi, ndipo nsalu yoti n'kudulanso inali itatha.

Misozi inangoti chuchuchu. Akanatha kusoka mokakamiza, chofunda n'kukhala cha mapiri ndi zigwa, misoko n'kudzaphulika pochapa koyamba. Koma anafufuza kakatoni kaja, nakaika pa chigamba chilichonse, nadula zonse zopyolera. Anafika pa mbalame zija. Anadula ndithu, nsonga za mapiko zinagwera pamkeka.

Ngodya zinakumana tsopano, ndipo chofunda chinatuluka chosalala, chokongola. Koma nsalu imene inathera m'timizere totayika ija inali ya mzere wathunthu wa zigamba. Chofunda chinafupika.

Chisanu chitafika, Nangondo anapita nacho kwa bambo ake. Anawapeza atagona pakhonde, akuwothera kadzuwa ka m'mawa. Anawafunditsa. Chinawakuta mapewa ndi mawondo, koma mapazi anatsala kunja. Nangondo anagwada, napepesa, nafotokoza zonse.

Nkhalambayo inasisita mbalame zodukaduka mapiko zija, ikuyang'ana kumapiri. Kenako inati, "Usalire, mwana wanga. Mayi ako nawonso ankakokera chofunda kwawo. Mapazi angawa anazolowera kugona kunja."

Inapinda miyendo, n'kutseka maso. Nangondo anakhala pambali, atafumbata mapazi ozizirawo m'manja mwake.

Tsono inu abale anga, Nangondo sanalakwe kwakukulu tsiku limodzi ayi. Anangoyezera pa chimene chinali pafupi. Nafenso timatero: timati bola ine, ndangosiyana pang'ono ndi mnzangayu. Koma mnzanuyo anayezera pa wina, winayonso pa wina, ndipo palibe akukumbuka kumene muyeso weniweni unagwera. Dzukani muufufuze nsalu ikadalipo. Kukonza kumatheka, ndipo okukondani adzakukhululukirani. Koma chimene chadulidwa sichimeranso, ndipo wogona mapazi kunja amakhala wina, osati inu.