Phazi Lokana Nsapato za M'sitolo

Panali mayi wina amene ntchito yake inali kulembera anthu mawu otsatsira malonda pa intaneti. Mwamuna wake anali wosoka nsapato, koma osati nsapato wamba. Ankasokera anthu a mapazi ovuta: otupa, opindika, osiyana kukula. Manja ake anali aluso, koma makasitomala ankabwera mwa apo ndi apo. Tsiku lina anauza mkazi wake kuti zikapitirira chonchi atseka shopu, apite ku Joni kukasaka ganyu.

Mayiyo mtima unamuwawa, pakuti ankamukonda mwamuna wake. Anati, "Bambo a Lonjezo, tandipatsani mpata. Ndalembera anthu osawadziwa ambirimbiri, ndiye ndilephere inu?"

Anamutsegulira tsamba pa intaneti, nalidzaza ndi matamando. Analemba kuti kuno kuli mmisiri woposa onse, chikopa chake n'chapamwamba, fulumirani mwayi ungakupiteni. Sankanama dala ayi, ndi mmene iye ankamuonera mwamuna wake. Koma anthu ankatsegula tsambalo, kuwerenga pang'ono, n'kuchoka. Foni inangoti zii.

M'mawa wina, atasowa choti awonjezere patsambalo, mayiyo anapita kukakhala m'shopu muja. Munalowa bambo wachikulire woyendera ndodo, phazi limodzi lili m'nsapato, linalo atalikulunga nsanza. Anakhala pabenchi, nalibisa kunsi kwake. Anafotokoza motsitsa mawu kuti mwana wake wamkazi akukwatiwa, ndipo iye akuganiza zongotsala pakhomo, kuopa kumuchititsa manyazi pamaso pa akuchimuna.

Wosoka nsapato sanatchule za chikopa. Anagwada, namasula nsanza zija pang'onopang'ono, nanyamula phazilo ndi manja awiri.

"Pamapweteka pati, bambo? Apa? Nanga mukaima nthawi yaitali?"

Mkulu uja anamasuka, nayamba kulongosola zonse, mpaka anafika poseka.

Mayi uja anabwerera kunyumba, nafufuta zonse zimene analemba. M'malo mwake analemba kuti: "Kodi phazi lanu linakana nsapato za m'sitolo? Kodi mumatsala pakhomo anzanu akamapita ku ukwati? Bwerani nalo mmene lililimo. Tiyamba taliyeza ndi kumva pamene pamapweteka. Sitisoka zoti mutenge tsiku lomwelo, ndipo mtengo wathu si wa pakaunjika. Koma mudzatuluka muno mutavala nsapato kumapazi onse awiri. Tiimbireni pa nambala ili m'munsiyi."

Pansi penipeni anaika nambala ya foni ndi dzina la wosokayo. Mwamuna wake atawerenga anakanda m'mutu. "Mayi a Lonjezo, dzina langa mwaliponya kumapeto kwenikweni. Nanga matamando aja apita kuti?"

"Amenewo ndi anga," anayankha mkaziyo akumwetulira. "Ndizikuuzani ndekha m'nyumba muno. Tsambali ndi la eni mapazi."

Woyamba kuimba anali mayi wina wa ku Mchinji. Asanapereke ndi moni yemwe anafunsa kuti, "Mwadziwa bwanji za amuna anga?" Pambuyo pake anaimba ena, ndi enanso. Shopu ija sinatsekedwe, ndipo za ku Joni sizinatchulidwenso.

Tsono inu okondedwa anga, amene mukuphunzira kulemba mawu a malonda, mayi uyu sanalakwe kukonda mwamuna wake, monganso inu simulakwa kukonda zimene mukugulitsa. Koma wotsegula tsamba lanu sanabwere kudzamva mbiri yanu. Wabwera ndi vuto lake, ndipo nthawi zambiri amachita nalo manyazi. Musanalembe liwu ndi limodzi lomwe, mudziweni munthuyo, mumufunse, mumumvere mpaka amalize. Kenaka muuzeni zoona, zokoma ndi zosakoma zomwe, ndipo mumusonyeze khomo lolowera. Munthu akaona kuti mwamumvetsa, simudzavutika kumuitana kawiri.