Mchira wa Ng'ona Ufuna Munthu Wozizira

Pafamu ya ng'ona ya a Mankhokwe mazira ankangosukusa, chifukwa chimphongo cha m'dziwemo chinali chitaleka kukwera zazikazi. Bwanayo anaitanitsa dokotala wa ziweto kuti adzachikame umuna, authire mwa zazikazi ndi kachubu. Kukamwa anachimanga ndi chingwe, koma mchira unkakwapulabe matope ngati chikoti.

"Iwe Zuze, lowa ugwire mchirawo!" a Mankhokwe analamula wantchito wawo. "Ukakana, ntchito yatha."

"Kulowa ndilowa, bwana," anatero Zuze. "Koma mbewu ili ngati khanda, siifuna munthu wotentha. Ine ndine wapabanja, ndipo dzulo sindinagone ndekha. Ndikangokhudza ng'onayo, mazira asukusanso."

Pomwepo antchito ena onse anakumbukira kuti nawonso ndi otentha.

"Nanga wozizirayo timupeza kuti?" anakalipa bwana.

Zuze anatembenukira kwa mayi Mankhokwe, amene anali atangotsika basi m'mawa umenewo kuchokera kwawo, kumene anakhalitsa akudwazika matenda.

"Mwayi ulipo, mayi. Chichokereni inu, bwana akhala akugona okha. Pafamu pano palibe wozizira kuposa iwo."

"Zoonadi," anatero mayiwo, manja ali m'chiuno. "Lowani, bambo a Tiyese. Kapena pali chokuletsani?"

A Mankhokwe anayang'ana ng'ona ija. Anayang'ananso akazi awo. Kenaka anawerama, nayamba kupinda thalauza pang'onopang'ono.

"Gwiritsani, bwana!" anafuula Zuze ali pamtunda. "Ndipo musadandaule. Akasukusanso mazirawo, mayi adziwa chifukwa chake."