Phulusa m'Mizere ya Mayi Emily

Kamunda ka mayi Emily ku Chinsapo kadali kuseri kwa nyumba, moyandikana ndi manda. Chaka chimenecho adadzalamo mpendadzuwa, poti mafuta ogula adali atawatopetsa, pomwe mandasi awo ndiwo ankadyetsa banja lonse.

Tsiku lina m'mawa adapeza phulusa litawazidwa m'mizere yonse, mwadongosolo, ndi mapazi a munthu wamkulu akulowera kwa aneba awo, bambo Laws. Mayiwo adacheukira kumanda kuja. Phulusa pafupi ndi manda? Sadafune kumva zambiri. Adatenga khasu, napala phulusalo n'kukalitaya kuchimbudzi. Mzere wakumalire ndi manda okha ndiwo adaopa kuukhudza.

"Amayi, ndiloleni ndifotokoze," adatero bambo Laws pampanda.

"Zanuzo mukafotokozere akwanu kumpoto. Pano ayi."

Kumva kwa mayi Emily kudali komweko. Adathira feteleza wa yuriya, namathiranso.

Mbewu zitayamba maluwa, masamba am'munsi adayamba kupsa m'mphepete ngati awaulidwa, chonsecho moto palibe amene adauona. Kenako mapesi adayamba kugwa okha masana dzuwa likuswa mtengo, popanda ndi kamphepo komwe. Mayiwo akamachapa ankangomva phofo, acheuke, lina lagona. Koma mzere wakumanda uja udali chiimire, wobiriwira, mitu yake ikuluikulu itayang'ana pakhomo pawo. Mantha adawagwira zedi, mpaka adaleka kudzera kuseri.

Zochepa zomwe adatola adapita nazo koyengera mafuta. Mwini makina adafinya njere ndi chala, napukusa mutu. Adali makoko okhaokha.

Pobwerera adakumana ndi bambo Laws pampanda paja, ndipo manyazi adawatha.

"Abambo, mudandichita chiyani?"

"Ine? Ndinkakubwezerani zanu zomwe, amayi. Mpendadzuwa umadya kwambiri potashi, chakudya cholimbitsa phesi ndi kukhwimitsa njere. Yuriya alibe potashi. Inu chaka ndi chaka mumazula mapesi a mbewu zanu kukakazingira mandasi, phulusa lake n'kutaya kudzala, pomwe potashi watsalira momwemo. Ndidalitola kudzala kwanu komweko."

Mayi Emily adayang'ana mzere umodzi uja, kenako chigubu chopanda kanthu chili m'manja mwawo. Chiwaya chawo chidakhala chovundikira nyengo yonseyo, chifukwa cha funso limodzi lomwe adakana kufunsa pampanda. Akuluakulu sadaname: safunsa adadya phula.