Phala la Zione

Kalekale, koma osati kale loti kunalibe zipatala ayi, m'mudzi wina munali kamtsikana dzina lake Zione. Sukulu kanali kasanayambe n'komwe. Tsiku lina kanagwa mumtengo wa bwemba n'kuthyoka mkono, fupa mpaka kuonekera. Kuchipatala anapita nako anthu atatu: mayi ake a Felista, bambo ake a Wedisoni amene anali mkamwini pamudzipo, ndi agogo ake obala mayi, a Nangondo.

Muwodi ya ana munali namwino mmodzi yekha, mayi Kamwendo. Ana ankagona awiriawiri pabedi, ena pansi. Mayi ameneyu mpando sankaudziwa, tiyi wake ankazizirira pazenera mpaka ntchentche kugweramo.

Kutacha adokotala anaona mkonowo n'kunena kuti ukufunika opaleshoni tsiku lomwelo. Namwino atabwera kudzanena, pabedi panalibe wamkulu. A Felista anali kumjigo kukachapa zitenje zamagazi, a Nangondo anali kukhitchini ya odikirira odwala. Anapeza bambo pakhonde.

"Bambo a Zione ndinu? Mwana uja akulowa kufiyeta lero, kukachitidwa opaleshoni. Asadye kanthu, ngakhale madzi."

Anayankhula akuyenda, chifukwa kumapeto kwa wodi mwana wina anali atayamba kukomoka. Sananene kuti akadya chimachitika n'chiyani. Ankati abwereranso akawauze amayi, koma tsikulo silinamupatse mpata.

A Wedisoni anamva ndithu, ndipo ananyamuka. Atafika pakhomo la wodi, anaona kuti pabedi pakhala apongozi awo. Inu mukudziwa mmene zimakhalira. Chikwatirire anali asanayankhulanepo maso ndi maso. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire, ndipo mawu onse ankadutsira kwa a Felista. Bamboyo anakhosomola. Gogoyo anakokera chitenje kumaso n'kutembenukira kukhoma, kupereka ulemu. Bakuli la phala linali pansi pa bedi, lovindikira, a Wedisoni sanalione. Mumtima anati, "Ndikaime pakati pa azimayi onsewa n'kumalamula apongozi? Ngati ndani ine? Ndikauze mayi a mwanayu." Anaiona ngati nkhani yaing'ono, yonga ya mapiritsi omwa usanadye. Anatembenuka kulowera kumjigo.

A Nangondo anatsala ndi mwana akulira. "Agogo, njala." Mayi wa bedi loyandikana anawanong'oneza kuti wamva zoti mwanayo akupita kumpeni.

"Apite kumpeni m'mimba muli mbee? Nanga mphamvu zodzukira azitenga kuti? Bwera, mayi wanga, idya."

Linali phala lotendera, nsinjiro zake anachita kuchoka nazo kumudzi. Ankauzira supuni iliyonse kuti lisamuwotche. Zione anamaliza lonse, anamwetulira koyamba chigwereni. Gogo anamupukuta pakamwa n'kutuluka kukatsuka bakuli.

A Felista analowera khomo lakuseri, n'kusemphana ndi amuna awo. Posakhalitsa kunabwera kabedi kamatayala kudzatenga mwana. Pakhomo la fiyeta, bambo wogonetsa odwala anafunsa, "Mayi, mwanayu wadya chilichonse?"

"Ayi, chidzukireni sanalawe kanthu."

Ananena zimene ankadziwa. Koma atamugonetsa ndi mankhwala, Zione anasanza, phala lija n'kulowa m'mapapo. Anthu a m'katimo anathamangathamanga, anayesetsa mpaka thukuta, koma mwana sanadzuke. Anabwerera kumudzi ndi mkono wothyoka womwewo.

Tsono kwathu kuno maliro saikidwa mwakachetechete. Mwinimbumba amaimirira pamaso pa anthu n'kufotokoza mmene imfa yayendera. Udindo umenewu unagwera malume ake a mwanayo, a Yotamu, mlongo wawo wa a Felista. Mudzi wonse unali ukunong'ona kale: mwana wothyoka mkono amafa bwanji?

Mwambo usanayambe, a Wedisoni anawakokera kuseri kwa nkhokwe. "Alamu, mutchule ine. Mawu anali m'kamwa mwanga, ndinayenda nawo mpaka pakhomo, n'kubwerera nawo. Ndinasunga ulemu, ndataya mwana." A Yotamu anadziwa kuti akatero, abale amupirikitsa mkamwiniyo dzuwa lisanalowe, ndipo mlongo wawo aika mwana ndi ukwati tsiku limodzi.

Kenako anaitanidwa m'nyumba ya siwa. A Nangondo anali chigonere pamphasa, osadya, osamwa. "Mwana wanga Yotamu, usavutike kufunafuna. Dzanja ndi ili. Ndinachita kuuzira ndekha." Koma a Yotamu anali atamva kale anyamata okumba manda akuti, "Nkhalamba ija yamudyetsa chiyani mwana?" M'mudzi mwawo, gogo akangotchulidwa pa imfa ya mdzukulu, dzina lake limasanduka mfiti, ndipo chotsatira ndi miyala.

A Yotamu ali pakhomo, panaima kabaza. Anatsika mayi wovala chitenje, wopanda yunifolomu, maso ali psuu. Anali mayi Kamwendo. Anagwada patali. "Pepani, bambo. Ine ndimadziwa chimene phala limachita, iwowa sankadziwa. Ndikanangoima pang'ono n'kunena kuti akadya afa, bamboyo akanakuwa ali pakhomo pomwepo, apongozi kaya apongozi. Nenani kuti ndi ine." Ndipo a Yotamu anaona kuti akamutchula, nkhani ikafika kwa akuluakulu, mayiyu amuchotsa ntchito. Wodi ija itsala yopanda munthu, chonsecho mwana wokomoka uja anapulumuka chifukwa cha kuthamanga kwake komweko.

Akuluakulu ampingo anawalangiza kuti, "Ingonenani kuti Mulungu watenga, anthu azipita." A Yotamu anatsala pang'ono kuvomera. Koma a Felista anadzutsa mutu.

"Achimwene, bodza ndinanena kale ine pakhomo la fiyeta paja, mosadziwa. Musakanenenso lina pamanda a mwana wanga. Azimayi onse ali panjawa mawa apita kuchipatala ndi mabakuli awo. Amve."

Nyimbo inatha. Bokosi laling'ono linatulutsidwa n'kuikidwa pabwalo. Maso onse anali kwa a Yotamu. Anaimirira, anavula chipewa, n'kuyang'ana alamu awo, mayi awo, ndi mlendo wogwada uja.

Ine nkhani yanga yathera pamenepa, a Yotamu ndawasiya ali chiimire. Tsono inu amene mwamva: pakati pa namwino amene sananene chifukwa, mkamwini amene anaopa apongozi, ndi gogo amene sanapirire kulira kwa mdzukulu, a Yotamu atchule ndani?